Kukwirira dzenje la mgodi wapamtunda: buludoza, matipa, loda kapena mafosholo?

Mgodi ukatha, chotsala ndi dzenje, milu ya dothi ndi miyala, ndiponso mkangano wakuti akwirire ndani ndipo ndi ndalama zingati. Malasha m'dziko muno amakumbidwa kumpoto, ku Rumphi ndi ku Karonga, ndipo migodi ikuluikulu yapamtunda ili kutsidya kwa malire, ku Moatize m'chigawo cha Tete. Kuno ku Dedza ndi ku Ntcheu maenje athu ndi a kwale, a dothi lomangira misewu, a dongo la ku Linthipe, ndi a miyala yamtengo wapatali ngati ya paphiri la Chimwadzulu. Masamu okwiririra maenje onsewa ndi amodzi. Dzenje la malasha limangowonjezera mavuto awiri, madzi a asidi ndi moto, ndipo tiwafika kutsogoloku.

Tikulembera makomiti a zachitukuko, a kukhonsolo, mafumu ndi eni migodi ing'onoing'ono amene amalandira makotesheni koma osadziwa pogwira kuti awatsutse. Ambiri akafika kwa mwini makina amathamangira kufunsa kuti pa ola amatchaja zingati. Mtengo wa pa ola pawokha sukuuzani kanthu. Chimene chimasankha makina, n'kukweza kapena kutsitsa ndalama zonse, ndi mtunda umene dothi liyende kuchoka pamulu kukagwera m'dzenje.

Werengani ngati mwini mgodi wathawa

Lamulo la zachilengedwe la 2017, limene linakhazikitsa bungwe loteteza zachilengedwe la MEPA, ndi lamulo la migodi la 2023 amafuna kuti wokumba akonzenso malo amene wawononga. Ku America lamulo la 1977 la migodi ya malasha yapamtunda limalamula kampani kusiya chikole isanayambe kukumba, ndipo chikolecho chimayenera kukwanira kuti boma lilembe munthu wina amalize ntchito ngati kampaniyo yalephera. Maganizo amenewa ndi oyenera kuwatengera. Mwini mgodi akamadziwerengera yekha amati makina ndi ake, ali kale pamalopo, dalaivala ali kale pamalipiro. Tsiku limene wachoka zonsezo zimapita naye, ndipo wotsala ayenera kuchita hayala makina, kuwanyamula pa lowbed (lole yonyamulira makina olemera) ndi kugula dizilo pamtengo wa tsikulo. Anthu a ku Mwabulambo ku Karonga, kumene mgodi wa malasha unatsekedwa mu 2015 maenje ali osakwirira, akudziwa kulemera kwa nkhaniyi.

Chachiwiri, musalembe chiwerengero chanu m'makwacha mokha. Kwacha inagwa ndi 25 pa 100 mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 pa 100 mu November 2023, ndipo kotesheni iliyonse yolembedwa masiku amenewo asanafike inasanduka pepala wamba. Lembani maola a makina, malita a dizilo ndi masiku a anthu. Manambala amenewa sakalamba. Mukafuna makwacha, mungowachulukitsa ndi mtengo wa hayala wa lero ndi mtengo wa dizilo umene MERA yalengeza.

Kiyubiki ili mitundu itatu

Dothi limafufuma likakumbidwa. Kiyubiki mita imodzi ya dothi wamba ili m'nthaka, ikakumbidwa imadzaza malo okwana pafupifupi 1.25. Dongo limafufuma chimodzimodzi kapena kupitirira pang'ono, mchenga ndi nsangalabwi zimafufuma pang'ono chabe, pamene thanthwe lophulitsidwa limatha kufika pa 1.6. Mukalipondereza ndi makina limabwereranso, nthawi zina mpaka kuchepera mmene linalili. Choncho pali kiyubiki ya m'nthaka, ya lofufuma ndi ya loponderezedwa. Mabuku a makina amawerenga ntchito pa dothi lofufuma, chifukwa ndi limene lili pampeni wa buludoza ndi m'bodi ya tipa. Mikangano yambiri ya malipiro imabadwira pamenepa: kontirakitala akuwerenga matipa, mwini ntchito akuwerenga kukula kwa dzenje, onse akutchula liwu limodzi lakuti kiyubiki koma akusiyana ndi gawo limodzi mwa magawo anayi.

Kuyeza dzenje sikufuna zambiri. Khomani zikhomo m'litali mwake, ndipo pachikhomo chilichonse yezani kukula kwa dzenje mopingasa, m'lifupi pamwamba, m'lifupi pansi ndi kuya kwake. Tiyerekeze dzenje lotalika mamita 120, lakuya mamita 6, limene mwaliyeza malo atatu otalikirana mamita 60, n'kupeza masikweya mita 240, 340 ndi 280 (m'lifupi pamwamba kuphatikiza m'lifupi pansi, kugawa pawiri, kuchulukitsa ndi kuya). Chigawo choyamba: 240 kuphatikiza 340, kugawa pawiri, kuchulukitsa ndi 60, zikupereka 17,400. Chachiwiri mwanjira yomweyo ndi 18,600. Dzenje lonse ndi makiyubiki mita 36,000. Dzenje lokhotakhota limafuna zikhomo zoyandikana, mamita 20 aliwonse, ndipo ngati ndalama zake ndi zambiri, saveya ndi wotchipa kuposa kulakwitsa ndi makiyubiki 5,000.

Kenako yezani milu, ndipo pamulu uliwonse lembani mtunda kuchokera pakati pa mulu kufika pakati pa malo amene dothilo likagwere. Osayeza kuchokera m'mphepete mwa mulu kufika pakamwa pa dzenje, chifukwa dothi loyamba lokha ndi limene limayenda mtunda waufupi umenewo. M'chitsanzo chathu tinene kuti makiyubiki 24,000 ali m'mbali mwa dzenje, mtunda wa mamita 50, pamene 12,000 anakatayidwa kutali, mamita 400.

Buludoza

Pa mtunda waufupi palibe makina oposa buludoza, chifukwa imakumba, kunyamula, kutaya ndi kusalaza yokha. Ya msinkhu wapakati, yotchedwa D6, imalemera pafupifupi matani 20, ndipo mpeni wake m'mabuku umalembedwa kuti umatenga makiyubiki 5.6. Pantchito werengani 4.5. Ikamakankha imayenda makilomita atatu pa ola, ndiye mamita 50 imatha mphindi imodzi. Pobwerera chafutambuyo imatha theka la mphindi, kusintha magiya ndi kulunjika n'kutenga masekondi 12. Ulendo wonse ndi mphindi 1.7. Ola la ntchito musaliwerenge mphindi 60. Pali kumwa madzi, kuthira girisi, kulandira malangizo, choncho amisiri amawerenga mphindi 50. Akukwana maulendo 29, makiyubiki 130 pa ola. Makiyubiki 24,000 aja akufuna maola 185, masiku 23 a maola asanu ndi atatu, ndipo pa malita 22 pa ola dizilo wake ndi pafupifupi malita 4,100.

Tsopano onani zimene mtunda umachita. Pa mamita 100 ulendo umatenga mphindi 3.2, dothi lina limatayikira m'mbali mwa mpeni, ndipo ntchito imatsika kufika pa makiyubiki 60 pa ola. Pa mamita 400 buludoza yomweyo imapanga maulendo anayi okha pa ola, makiyubiki 16. Mulu wakutali uja ungaitengere maola 750 ndi malita 16,500, osawerengera matcheni ndi marola amene akhala akudyeka pobwerera chafutambuyo mtunda wautali. Matcheni ndiwo chiwalo chodula kwambiri pa kusamalira buludoza, ndipo mwini makina wanzeru amakana ntchito yotero kapena kukweza hayala. Mtunda ukapitirira mamita 100, yambani kuganizira makina ena.

Pali zinthu zimene zimakweza kapena kutsitsa nambala ya 130 ija. Kukankhira kumunsi pamalo otsika mita imodzi pa mamita 10 kumawonjezera pafupifupi gawo limodzi mwa asanu, kukankhira kumtunda kumachotsa chimodzimodzi. Dalaivala wodziwa amakumba ngalande n'kumakankha m'menemo kuti makoma ake azigwira dothi, ndipo izi zimawonjezeranso gawo limodzi mwa asanu. Miyala yophulitsidwa imatsitsa ntchito kufika pa 60 mpaka 80 pa 100. Fumbi la mu October ndi chifunga cha m'mawa wa June kumapiri a Dedza, zikaphimba maso a dalaivala, zimadya gawo lina. Dalaivala wophunzira kumene amatha kupereka 60 pa 100 ya zimene katswiri angapereke pa makina omwewo, ndiye pofunsa za buludoza funsaninso za munthu amene adzakhale pampando.

Nanga buludoza yaikulu ya D8? Imalemera pafupifupi kawiri, imakankha makiyubiki 7 pa ulendo, 200 pa ola, n'kumaliza m'maola 120 ikumwa malita 40 pa ola. Masamu ake ndi achidule: 185 kugawa ndi 120 ndi 1.5. Ngati mtengo wa D8 pa ola, dizilo ali momwemo, sukufika pa kamodzi ndi theka poyerekeza ndi wa D6, D8 ndiyo yotchipa ngakhale kotesheni yake ikuoneka yoopsa. Ngati pali thanthwe lofunika kuling'amba ndi mano akumbuyo, yaikuluyo imapambana ndithu. Chotsalira n'kuona ngati lowbed yake ingadutse pamilatho ndi m'makona a msewu wopita kumaloko.

Ekisikaveta ndi matipa

Mulu wa pa mamita 400 ndi wa gulu ili. Ekisikaveta ya matani 20, ngati Cat 320 kapena Komatsu PC200, ili ndi baketi ya pafupifupi kiyubiki imodzi, imene imadzaza 0.9 ndi kuzungulira kamodzi m'masekondi 22. Tipa ya makiyubiki 10 imafuna mabaketi 11, mphindi zinayi. Kuima bwino pansi pa baketi ndi mphindi imodzi. Kupita mamita 400 pa liwiro la makilomita 15 pa ola ndi mphindi 1.6, kutembenuka ndi kukhuthula 1.5, kubwerera 1.2. Ulendo wonse ndi mphindi 9.3.

Kuti mudziwe matipa ofunika, gawani ulendo wonse ndi nthawi imene tipa imodzi imakhala pa ekisikaveta: 9.3 kugawa ndi 5 ndi 1.9, ndiye kuti matipa awiri. Ndi awiriwo ekisikaveta imatulutsa tipa yodzaza mphindi zisanu zilizonse, makiyubiki 100 pa ola. Mukasunga ndalama n'kubweretsa tipa imodzi, ntchito imatsika kufika pa 54 ndipo ekisikaveta imathera theka la tsiku ikudikira, mita yake ya maola ikuwerenga. Mukabweretsa atatu, ntchito imakhalabe 100, tipa yachitatu mukuilipira kuti iziima pamzere. Mtunda ukapitirira theka la kilomita, mpamene yachitatu imayamba kufunika.

Makiyubiki 12,000 akufuna maola 120 a ekisikaveta ndi maola 240 a matipa. Chimene chimaiwalika kawirikawiri m'makotesheni n'chakuti tipa imangosiya milu, sisalaza, ndiye onjezerani maola 40 a buludoza. Dizilo: malita 1,800 a ekisikaveta, 2,400 a matipa, 880 a buludoza, onse pamodzi pafupifupi 5,100, poyerekeza ndi 16,500 aja. Koma gulu lomweli mukalipatsa dothi la pakamwa pa dzenje mukhala mukulipira makina atatu maola 240 pa ntchito imene buludoza imodzi imatha m'maola 185.

Vuto la matipa ndi msewu. Katondo wa ku Dedza akanyowa amaterera, makande a m'chigwa cha Bwanje amamata m'bodi moti tipa imabwerera ndi gawo la katundu wake, ndipo tipa imodzi ikatitimira gulu lonse laima. Choopsa kwambiri n'kukhuthulira pakamwa penipeni pa dzenje. Dothi latsopano limagumuka pansi pa matayala akumbuyo nthawi imene bodi yakwera. Tipa izikhuthula mamita angapo kumbuyo, buludoza ndi imene izikankhira m'phompho, ndipo pazikhala munthu wolondolera.

Loda ya matayala

Pakati pa mamita 50 ndi 150 loda imalowa bwino. Ya baketi ya makiyubiki atatu imatapa, kuthamanga ndi kutaya yokha. Pa mamita 100 ulendo ndi mphindi imodzi ndi theka, makiyubiki 90 pa ola, pamene D6 ili pa 60. Pa mamita 150 imatsikira pa 68. Imafuna mulu wofewa ndi njira youma yosalala. Mulu umene wakhala zaka n'kugwirana imalephera kuuboola, ndipo pamiyala yakuthwa ya kwale tayala limodzi long'ambika limadya phindu lonse la mlungu. JCB yodziwika ija, ya baketi kutsogolo ndi mkono kumbuyo, imayenda yokha pamsewu osafuna lowbed ndipo ndi yabwino pa ngalande ndi timaenje ta makiyubiki mazana angapo. Pa 36,000 ndi yaing'ono. Sikirepa (makina amene amapala dothi, kulinyamula ndi kulimwaza okha), imene m'mayiko a migodi ikuluikulu imagwira mitunda ya mamita mazana angapo mpaka kupitirira kilomita, musaiike m'masamu musanaione ndi maso anu pabwalo la mwini wake, ndipo kumbukirani kuti imadana ndi miyala.

Anthu, mawilibala ndi ngolo

Munthu mmodzi wa piki, fosholo ndi wilibala amasuntha pafupifupi makiyubiki atatu patsiku pa dothi wamba ndi mtunda waufupi. Wilibala imatenga malita 65, maulendo 15 kapena 16 pa kiyubiki. Dzenje lathu lingafune masiku 12,000 a munthu mmodzi, kapena anthu 100 kwa masiku 120, ndipo zimenezo ndi ngati dothi lonse lili pafupi. Ubwino wake ndi woonekeratu: ndalama zimatsala m'mudzi, sizifuna dizilo amene nthawi zina amasowa, ndipo palibe lowbed. Pa dzenje laling'ono, la makiyubiki osapitirira chikwi chimodzi kapena ziwiri, mtengo wonyamulira makina wokha ungalipire ganyu yense.

Pa dzenje lalikulu ife timati anthu asapikisane ndi makina pa kukwirira. Malo awo ndi ntchito zimene makina amachita moipa: kumwaza dothi lachonde, kukumba ngalande, kumanga matchinga a miyala, kudzala vetiva ndi mitengo. Ndipo munthu aliyense asagwire ntchito m'tsinde mwa khoma loima chilili lotalika kuposa msinkhu wake. Khoma la dothi limagwa osachenjeza, makamaka mvula ikangodutsa.

Kodi n'koyenera kudzaza dzenje lonse?

Funso ili limasintha ndalama kuposa kusankha makina kulikonse. Pa kwale ndi pa dothi la msewu, zokumbidwazo zinapita, ndiye nthawi zambiri palibe dothi lokwanira kudzaza. Kukumba dzenje lina kuti mukwirire ili n'kusamutsa vuto. Njira ina n'kugwetsa makoma kuti akhale otsetsereka, kutsika mita imodzi pa mamita atatu aliwonse, pamene munthu, ng'ombe ndi buludoza zingakwere, udzu n'kugwira. Mumadula theka lam'mwamba n'kulikankhira kudzaza theka lam'munsi. Dothi lodulidwa pa mita iliyonse ya khoma ndi kutalika kwa khoma kuchulukitsa ndi kutalika komweko, kuchulukitsa ndi 3, kugawa ndi 8. Khoma la mamita 6 likupereka makiyubiki 13.5. Kuzungulira dzenje lonse, mamita 360, ndi makiyubiki osakwana 5,000, onse okankhira kumunsi pa mtunda waufupi. Poyerekeza ndi 36,000, kusiyana kwake n'kwakukulu. Chenjerani kuti khoma likatalika kawiri dothi limachuluka kanayi: la mamita 12 ndi makiyubiki 54 pa mita. Njirayi imadyanso malo, mamita 9 kumbuyo kwa khoma la mamita 6, ndipo ngati pamenepo pali munda wa munthu, chipukuta misozi chake chilowe m'masamu.

Chotsala ndi beseni. Ngati malo ali otsetsereka, dulani ngalande kuti madzi azituluka. Ngati mudzi ukufuna damu la ziweto kapena la dimba, likhoza kukhala dalitso, pokhapokha magombe onse ndi otsetsereka, pali potulukira madzi osefukira powakidwa ndi miyala, ndipo madziwo ayezedwa. Dzenje la makoma oima lodzaza madzi ndi msampha wa ana, ndipo kulitcha damu sikulisintha.

Kumene malasha amasiyana

M'malasha ndi m'miyala yakuda yowazungulira mumakhala pyrite, mwala wonyezimira wokhala ndi sulufule. Ukakumana ndi mpweya ndi madzi umapanga asidi, madzi n'kusanduka ofiirira, nsomba ndi mbewu n'kufa. Zinyalala za malasha zikaunjikidwa mosapondereza zimatha kutentha zokha mpaka kuyaka, moto wake n'kumanyeka pansi kwa nthawi yaitali. Choncho zakuda zonse ziyenera kuyezedwa padera, kuikidwa m'magawo opyapyala oponderezedwa, n'kuphimbidwa ndi dothi labwino. Malamulo a ku America amafuna chophimba cha mafiti anayi, mamita 1.2, pamilu ya zinyalala za malasha. Pa malo a masikweya mita 3,000 amenewo ndi makiyubiki 3,600 owonjezera, amene ayenera kuchokera pamulu wosankhidwa, osati uliwonse wapafupi.

Laimu amawerengedwa motere: sulufule wa pyrite wokwana 1 pa 100 amafuna matani pafupifupi 31 a mwala wa laimu pa matani 1,000 a zinyalala. Matani 2,000 akufuna matani 62. Kwa ife a ku Ntcheu laimu ali pafupi, kumapiri a Chenkumbi ku Balaka, koma kunyamula kwake kuwerengedwe. Dzenje la malasha musalisiye ngati damu musanayeze madzi ake nyengo zonse ziwiri, yadzinja ndi yachilimwe.

Dothi lachonde

Apa mpamene ntchito zambiri zimafera. Dzenje ladzazidwa bwino, koma pamwamba pali dothi lakufa la pansi, udzu sukumera, mvula yoyamba n'kukumba zigwembe. Mahekitala awiri pa kuya kwa masentimita 20 akufuna makiyubiki 4,000. Ngati dothili linasungidwa padera pokumba, m'milu yosapitirira mamita awiri, ntchito yake ndi maola 40 a ekisikaveta ndi matipa ake. Ngati linasakanizidwa ndi miyala, muyenera kugula manyowa ndi kudikira zaka, ndipo mtengo umenewo ndi chilango cha tsiku loyamba la kukumba.

Musanalithire, ng'ambani pansi pamene matipa aponda, masentimita 30 mpaka 50, motsata m'mbali mwa phiri. Tipa iliyonse ya makiyubiki 10 imakwanira masikweya mita 50, ndiye milu italikirane mamita 7, anthu a makasu ndi mafosholo n'kumwaza. Lisagwiridwe lili lonyowa, limaumbika ngati njerwa. Buludoza pomaliza iyende chokwera ndi chotsika, kuti mapazi a matcheni ake agone mopingasa n'kumagwira madzi ndi njere. Ikayenda cham'mbali imasiya timingalande tolunjika kumunsi. Vetiva adzalidwe pa akalozera, mbande zotalikirana masentimita 10 mpaka 15. Kalongonda ndi nandolo zimaphimba nthaka msanga n'kuibwezera chonde, ndipo mitengo ngati mthethe ndi keshya pa mamita awiri mbali zonse ndi mbande 2,500 pa hekitala. Werengeranitu zobwezera zimene zidzafe, wolondera mbuzi, ndi kulambula njira yotchinga moto wolusa kwa zaka zosachepera zitatu.

Zimene sizioneka pa kotesheni

Lowbed imalipidwa kawiri, kubwera ndi kubwerera, pa makina a matcheni aliwonse. Kuchokera ku Lilongwe kufika paboma la Dedza ndi makilomita pafupifupi 85, pamene Ntcheu ali chapakati pa Lilongwe ndi Blantyre, ndiye funsani mbali zonse ziwiri, kuphatikizapo a boma obwereketsa makina a PVHES amene ambiri timawadziwa kuti PVHO. Ngati ntchito ili kumunsi kwa phiri, cha ku Golomoti, funsani woyendetsa lowbed ngati angatsike pa Khwekhwelere kapena azungulire, chifukwa kuzungulirako ndi makilomita ena olipira.

Madzi a m'dzenje ayenera kupopedwa musanakwirire, apo ayi dothi limasanduka phala ndipo makina amamira. Masikweya mita 4,000 a madzi akuya mita imodzi ndi theka ndi makiyubiki 6,000. Pampu ya mainchesi atatu imalembedwa kuti imapopa 60 pa ola, koma pokweza madzi mamita 6 werengani 40, maola 150. Kutalika kwa malo nakonso kumadya mphamvu: boma la Dedza lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo injini yakale yopanda turbo imataya gawo loposa limodzi mwa khumi. Makina atsopano a turbo sazimva kwenikweni, koma thirakitala ndi tipa zakale zimalemedwa pachitunda. Onjezerani kapitawo, mlonda wausiku, galimoto yobweretsa dizilo, kuthira madzi pamsewu wa fumbi ngati pali nyumba pafupi, phindu la kontirakitala ndi VAT. Pamwamba pa zonse ikani 10 mpaka 15 pa 100 ya zadzidzidzi, ndipo ngati milu simunaikumbe kuona za m'kati mwake, tengani nambala yaikuluyo.

Nyengo yabwino ya makina ndi kuyambira May mpaka October. Kumaliza kusalaza mu October kapena kumayambiriro a November kumalola kudzala ndi mvula yoyamba. Kulowa ndi makina mu January n'kulipira maola odikira.

Mulipira motani?

Hayala wa pa ola inu mukugula dizilo amaoneka wotchipa, koma chiopsezo chonse chili pamutu panu. Mita ya maola imawerenga ngakhale injini ikungolira pamalo amodzi, eni makina ambiri amafuna maola osachepera akutiakuti patsiku kaya agwira kaya ayi, ndipo dizilo amafuna munthu wokhulupirika woyeza thanki m'mawa ndi madzulo. Malita pa ola amene tapereka pamwambapa ndiwo muyeso wanu: D6 ikamaonetsa 35 pa ola pa ntchito yopepuka, funsani. Hayala wa pa ola wophatikiza dizilo amachotsa vuto limenelo koma osati la ulesi wa makina. Njira ziwirizi ndi zoyenera pa ntchito yovuta kuyeza, monga kusalaza komaliza ndi ngalande, ndipo mgwirizano unene kuti makina akawonongeka ola silikuwerengedwa.

Kuwerenga matipa ndi matikiti n'kosavuta, koma tipa zimayamba kuyenda zosadzaza. Ngati mwasankha njirayi, yezani bodi iliyonse ndi tepi tsiku loyamba ndipo wolemba akhale potayira, osati popakira. Mtengo umodzi wa ntchito yonse umateteza thumba lanu, koma popanda chojambula chosonyeza mmene malo adzaonekere, kontirakitala amasalaza pamwamba n'kupita.

Pa kukwirira kwenikweni ife timasankha kulipira pa kiyubiki, milu itayezedwa ntchito isanayambe ndi itatha, onse awiri atasainira manambala, ndipo mgwirizano utanena momveka kuti ndi kiyubiki ya pamulu. Pamenepo kontirakitala yekha amafuna dalaivala wabwino ndi matipa okwanira. Lembaninso kuti dothi lithiridwe m'magawo osapitirira theka la mita makina akupondapo, miyala ikuluikulu ipite pansi, ndipo pakati pa dzenje palundikidwe masentimita 30 mpaka 50 kuposa m'mbali, popeza dothi lothira limatsika likamwa mvula. Pamalo otere pasamangidwe nyumba kwa zaka zingapo. Gwirani 10 pa 100 ya malipiro mpaka mwezi wa April, dzinja loyamba litatha, ndipo m'masamu anu musungiretu maola 20 mpaka 30 a JCB ndi masiku ena a anthu, okwiririra potitimira ndi kutseka zigwembe zisanakule.